Tchire landilanda busa ku Santhe: ndizule ziti, ndisiye ziti?

Bambo a Chisomo (Santhe): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi vuto lomwe landisowetsa tulo, ndiye ndati ndilitule kwa inu alimi anzanga. Malemu bambo anga anandisiyira malo a maekala 6 kumunsi kwa mudzi, cha kudambo. Kale ankalimapo fodya, koma nthaka itaguga anangopasiya kuti ng'ombe zizidyapo. Patha zaka 8 chimwalirireni iwo, ine ndili ku Lilongwe pa ntchito, malowo opanda owayang'anira. Chaka chatha ndabwerera kumudzi, ndili ndi ng'ombe 7, koma podyera palibe. Khonje amene bambo anadzala ngati mpanda wa m'malire walowerera mpaka m'kati. Chipangala chathithikana moti munthu sungadutse osang'ambika malaya. Palinso lantana, kachitsamba ka timaluwa tachikasu ndi tapinki kaja. Ndiye pabwinja pomwe panali nyumba yakale pali chomera china chimene achemwali anga anabwera nacho kuchokera m'tauni ngati duwa, chofanana ndi khonje koma masamba ake ndi opyapyala, osongoka ngati mkondo, chimatulutsa maluwa oyera olendewera. Mu Okutobala ndinalemba anyamata 4 aganyu, tinatchetcha zonse ndi zikwanje, tinaunjika n'kuotcha. Mvula itangogwa zaphukanso kuposa kale. Pomwe panali chipangala chimodzi pano pali mphukira khumi. Ndichite bwanji abale?

Aphiri (Chamama): Pepani achimwene. Zimenezo zinandichitikira ine ndendende. Chipangala ukachidula pamwamba ndiye kuti wachiputa. Mizu yake imayanza patali pansi pa nthaka, ndipo muzu uliwonse umatulutsa mwana wake. Chikwanje n'chongometera. Pamafunika piki.

Nabanda (Nkhamenya): Tatumizani chithunzi cha duwa la achemwali anulo tione.

Bambo a Chisomo (Santhe): Ndatumiza mayi. Chachiwiricho ndi chitsa chomwe tinadula, taonani ana omwe aphuka mozungulira.

Mlangizi wopuma (Kasungu boma): Ndaona zithunzi. Chimenecho ndi yucca. Kwawo ndi ku America, makamaka ku Mexico ndi madera ouma a kumwera kwa United States, kuno chinabwera ngati duwa la pakhomo. Khonje nayenso kwawo ndi ku Mexico komweko, lantana ndi wa ku Central ndi South America. Zonse zitatuzi ndi zobwera, koma chilichonse chili ndi njira yake yofalira, ndiye simungazimenye ndi ndodo imodzi. Yucca mphamvu zake zili pansi. Mizu yake ndi yonenepa, imasunga madzi ndi chakudya, ndipo kachidutswa ka muzu kakatsala m'nthaka kamaphuka. N'chifukwa chake munthu amene wapitapo ndi pulawo amangochifalitsa, chifukwa waduladula mizu n'kuimwaza munda wonse. Mwayi wanu ndi woti chili pabwinja pokha. Kumbani dzenje lozungulira tsinde lililonse, mutsate mizu mpaka komwe yathera, mutole tizidutswa tonse m'ndowa. Musataye m'dzala kapena pa manyowa, zikaphuka komweko. Yanikani pa mwala kapena pa lata lakale ziume gwa, kenako muotche. Mukatero mudzabwerenso pakatha mwezi kudzazula zomwe zatsalira, chifukwa zitsalira ndithu.

Bambo a Chisomo (Santhe): Zikomo bambo mlangizi. Nanga khonjeyu?

Mlangizi wopuma (Kasungu boma): Khonje ndi wosavuta kuposa yucca, mizu yake siipita pansi kwambiri. Amafala pawiri. Amatulutsa ana m'mbali mwa tsinde, komanso akakalamba amatulutsa mtengo wautali uja pakati, ndipo pamwamba pake pamabadwa tiana tambirimbiri tomwe timagwa pansi n'kumera. Tsinde likabereka choncho limafa, koma lasiya kale mudzi wonse. Ndiye choyamba, mtengo uliwonse womwe watuluka muudule tianato tisanakhwime. Kenako sadzani masamba ndi chikwanje kuti mufike pa tsinde bwinobwino, zulani ndi piki, muligadamitse mizu iloze kumwamba. Valani malaya a manja aatali, madzi a khonje amayabwa koopsa, ndipo minga ya kunsonga ija imalasa maso.

Gogo Nangondo (kudzera pa foni ya mdzukulu, Santhe): Mwana wanga, ine bambo ako ndimawadziwa, khonjeyo anadzala ndikuona. Usamalize yense. Wa m'malire umusiye. Ndi amene akusunga malire ako ndi a kutsidya aja, ukamuzula mawa mudzakhala pabwalo kwa amfumu kukangana za pomwe munda uthera. Komanso zingwe zomangira ng'ombe ndi zosokera fodya udzazitenga kuti?

Bambo a Chisomo (Santhe): Ndamva agogo, wa m'malire sindimukhudza. Ndichotsa wolowerera yekhayo.

Che Jafali (Chinkhoma): Akuluakulu, mukuvutikiranji ndi mapiki zaka zitatu? Pali anyamata ootcha makala amene amayeretsa malo ulere, iwo n'kutenga mitengo. Sabata ziwiri malo onse mbee, ngati bwalo la mpira. Mnansi wanga anachita choncho ndipo sanalipire ngakhale tambala.

Nabanda (Nkhamenya): Ayi Che Jafali, pamenepo ndikutsutsani ndithu. Wamakala safuna lantana, safuna khonje, safuna yucca. Iye akufuna mombo, tsamba, muwanga ndi msuku, mitengo yolimba ya makala abwino. Adzadula imeneyo n'kukusiyirani minga yomwe mumadandaula ija, ndipo minga idzasangalala chifukwa dzuwa lafika pansi. Kwathu kuno alamu anga anachita zomwe mukunenazo. Panali misuku yoposa khumi pamalo pawo. Mwezi wa Novembala ndi Disembala ana ankapita ndi mabeseni kukatola masuku, ena tinkakagulitsa pamsewu wa M1. Mvula ikakhazikika tinkazula bowa pansi pa mitengo yomweyo, chifukwa bowa wa m'tchire uja amamera pomwe pali mombo ndi msuku, sungamupeze m'munda wa chimanga. Lero palibe chilichonse. Masana ng'ombe zawo zimaunjikana pa mthunzi wa chulu, malilime panja. Amuna mukamayang'ana busa mumangowerenga udzu, ife amayi timaona ndiwo, nkhuni ndi zipatso za ana. Bambo a Chisomo, musanadule mtengo ngakhale umodzi, muyende nawo mayi a kunyumba pamalopo akuuzeni yomwe akuifuna.

Che Jafali (Chinkhoma): Mayi, ine ndimangothandiza maganizo. Munthuyu ali ndi ng'ombe 7 zanjala lero, sizidya bowa.

Nabanda (Nkhamenya): Sizidya bowa, koma zimadya nyemba za chitimbe ndi za msangu mu Seputembala udzu utapsa. Kapena ndikunama a Phiri?

Aphiri (Chamama): Simukunama. Zanga zikangotuluka m'khola nthawi ya chilimwe zimathamangira pansi pa chitimbe, umangomva khurrr khurrr zikutafuna nyemba zouma zija. Ngakhale nyemba za chipangala chomwe tikudana nachochi zimadya ndithu. Vuto ndi loti njere zimatuluka ndi ndowe n'kumera pena.

Mlangizi wopuma (Kasungu boma): Ndionjezere pa za makala. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe analikhwimitsa mu 2020, silola kuotcha makala popanda chiphaso. Uvuni ukapezeka pamalo panu, funso loyamba lidzabwera kwa inu eni malo. Komanso pomwe pakhala uvuni nthaka imapsa, udzu umachedwa kubwerera. Za mitengo yosiya, ine ndingatchule msangu ngati ulipo, chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja, udzu n'kumera bwino pansi pake, ndipo chilimwe umapereka mthunzi ndi nyemba. Chitimbe musiye. Msuku, muula ndi mpoza musiye. Mlombwa ndi muwanga, ngakhale zitakhala mphukira za pa chitsa, sankhani mphukira ziwiri zowongoka, zinazo mudule, pakapita zaka mudzapeza mitengo popanda kugula mbande. Cha kudambo, mkuyu ndi katope musayerekeze kudula, ndi imene yagwira nthaka m'mphepete mwa madzi. Cholinga si kuyeretsa ayi, ndi kupatulira, kuti mitengo italikirane, dzuwa lizifika pa udzu koma ng'ombe zizipeza pousa.

Bambo a Chisomo (Santhe): Mitengo ya chitimbe ilipo yambiri, misuku ilipo 5, mthethe ulipo cha kudambo. Pali malaina 3 ndi bulugamu yemwe bambo anadzala kuti azipeza milimo ya zigafa. Bulugamuyo pansi pake sipamera kanthu.

Aphiri (Chamama): Bulugamu pa busa ayi, makamaka pafupi ndi dambo, amamwa madzi ngati chidakwa. Dulani mupeze mapolo okonzera khola. Koma dziwani kuti naye amaphukira pa chitsa. Ine ndimasenda khungwa lonse la chitsa mpaka pansi, kenako ndikuunjikapo mapesi ndi ndowe zouma n'kuyatsa, moto uzinyeka pang'onopang'ono usiku wonse. Zikaphuka ndimathyola ndi manja zikadali zanthete. Kawiri katatu chitsa chimatopa.

Mphwanga wa ku Kamwendo (Mchinji): Ife kuno timathira oilo wakutha wa galimoto pa chitsa, ena amathira mchere. Zimafa.

Mlangizi wopuma (Kasungu boma): Mphwanga, oilo wakutha musathire pomwe ziweto zimadya, ndiponso malowa ali kumtunda kwa dambo komwe anthu amakumba zitsime ndi kulima madimba. Ng'ombe zimanyambita chilichonse. Mchere nawo umawononga nthaka pomwe wathiridwapo. Ngati mwaganiza zogwiritsa ntchito mankhwala, gulani ovomerezeka ku sitolo ya zipangizo zaulimi, monga a glyphosate omwe ambiri timangowatchula kuti Roundup, muwerenge malangizo a pa botolo. Chinsinsi chake n'chakuti mupake pa chitsa nthawi yomweyo mwangodula, pasanathe mphindi zochepa, bala lisanaume. Mmodzi azidula, wina azitsatira pambuyo ndi kaburashi. Mukadula m'mawa n'kudzapaka madzulo mwangotaya ndalama. Ndipo zimagwira bwino chomera chikakhala chobiriwira, chikukula, osati mu Okutobala chitafota ndi dzuwa. Pa yucca ndi khonje kupopera pa masamba sikuthandiza kwenikweni, masambawo ali ngati opakidwa phula, mankhwala amangotsetsereka. Valani magolovesi, ana akhale kutali, ndipo chigubu musakatsukire kudambo.

Mayi a Tadala (Mtunthama): Ine ndifunse za lantana, chifukwa palibe walankhulapo. Bambo a Chisomo, ng'ombe zanu zonse zili bwino? Ndikufunsa chifukwa ine ndinataya thole la mkaka ndi chitsamba chimenecho.

Bambo a Chisomo (Santhe): Mayi, mwandiopsa. Pali kamsoti kamodzi kamawanga oyera, ndinakagula mwezi watha. Masiku atatu ano sikakudya bwino, kakungoima pa mthunzi, ndowe zake ndi zouma zolimba. Mnyamata wobusa akuti mphuno yake yayamba kusupuka. Ine ndimaganiza kuti ndi nkhupakupa.

Mayi a Tadala (Mtunthama): Pitani pompano mukakatsegule chikope ndi milomo muone mtundu wake. Langa linayamba choncho. Linasiya kudya, kenako m'maso munasanduka chikasu ngati dzira, khungu la pa mawanga oyera linatupa n'kuyamba kukanganuka ngati khungwa la mtengo, ntchentche zili ng'waa. Likaona dzuwa linkathawira kuseri kwa nyumba. Ndinachedwa kuitana alangizi a ziweto, ndinkangoti lichira. Linafa pa sabata yachiwiri. Ndinalira ngati wafa munthu, chifukwa ndi lomwe ndinkayembekezera kuti lidzalipirira Tadala sukulu.

Bambo a Chisomo (Santhe): Ndapita kukhola. M'maso muli chikasu ndithu. Nkhama nazonso.

Mlangizi wopuma (Kasungu boma): Imbirani alangizi a ziweto a dera lanu lero lomwe, musadikire mawa. Chikasu chimabweranso ndi matenda ena a nkhupakupa, ndiye iwo ndi amene angasiyanitse akayeza kutentha kwa thupi. Koma kusupuka kwa mphuno ndi kuthawa dzuwa kukuloza ku lantana. Poizoni wa m'masamba ake amawononga chiwindi, ndipo chiwindi chikalephera ntchito khungu loyera limapsa ndi dzuwa. Pakadali pano kaikeni m'kachisakasa ka mthunzi wokhawokha, madzi akhale pafupi, mukapatse udzu wofewa. Zinzake zonse zichoke pamalo pali lantana. Ng'ombe zokulira pamalopo kawirikawiri zimamupewa, zomwe zimagwa m'mavuto ndi zachilendo ngati kanuko, kapena zanjala zomwe zasowa china chodya. Ndipo taonani, mphukira zanthete zomwe zatuluka mutatchetcha zija n'zosavuta kuti ng'ombe izibudule pamodzi ndi udzu.

Mayi a Tadala (Mtunthama): Ndiye muyambe ndi lantana, yucca adikire. Yucca sapha ng'ombe msanga chotere. Lantana mizu yake ndi yosazama, nthaka ikanyowa munthu umazula ndi khasu, tating'ono ndi manja. Koma mbalame zimadya tizipatso take takuda tija n'kumwaza njere, ndiye muziyang'ana pansi pa mitengo pomwe zimatera, ndi pomwe amayambira.

Aphiri (Chamama): Vuto la kuzula ndi nthawi. Nthaka imafewa Januwale ndi Febuluwale, koma ndi nthawi yomwe tili pa kalikiliki kubandira chimanga ndi kuthyola fodya, aganyu nawo amakwera mtengo. Ine ndinapeza kuti kumapeto kwa Malichi mpaka Epulo nthaka ikadali ndi chinyontho ndipo ntchito ya kumunda yapepukako. Musalimbane ndi maekala 6 onse. Dulani ekala imodzi, muimalize bwinobwino, chaka chamawa ina. Ine yanga inanditengera dzinja zitatu. Chinanso, bwerekani mbuzi. Mbuzi ndi chipangala ndi paubale, zimabudula mphukira iliyonse ikangotuluka, chitsa chimafooka chokha. Koma muyambe mwachotsa lantana, nazonso amazipweteka.

Che Jafali (Chinkhoma): Nanga moto? Makolo athu ankangotentha tchire basi.

Aphiri (Chamama): Moto umafuna udzu woti unyeke. Pamalo pomwe ng'ombe zadya mpaka dothi kuonekera, moto umangonyambita pamwamba, zitsamba osamva kanthu. Ndipotu tchire limalowa chifukwa chomwecho: ng'ombe zachuluka pamalo amodzi chaka chonse, udzu wafooka, minga yapeza mpata. Malo a bambo a Chisomo zaka 8 zija sanali opanda ng'ombe, ndikhulupirira za mudzi wonse zinkadya pomwepo.

Bambo a Chisomo (Santhe): Zoona a Phiri, mpaka lero zimabwera.

Gogo Nangondo (kudzera pa foni ya mdzukulu, Santhe): Ndiye upite kwa amfumu usanatseke. Anthu anazolowera kudyetsa pamenepo ndi kudutsa popita kudambo. Ukangoika minga osanena, adzati mwana wa m'tauni wabwera ndi mwano, ndipo anyamata osaka mbewa adzakuyatsira moto mwadala. Ukafotokoze kuti ukutseka mbali imodzi kuti udzu ubwerere, njira ya kumadzi uisiye. Ndiponso kumpoto kwa malowo kuli mitengo ya kumanda, nkhwangwa yako isafike kumeneko ngakhale nthambi itagwera mbali yako.

Mlangizi wopuma (Kasungu boma): Agogo anena zofunika. Ndipo pomwe mwazula musasiye dothi lili pambalambanda, chifukwa chomwe chimayamba kumera pa dothi lotakasidwa ndi chomwe mwachotsacho. Kwirirani maenje, mvula yoyamba ikagwa mufese udzu wa Rhodes. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, sakanizani ndi mchenga pofesa, musakwirire mozama, kungokokerapo nthambi basi. Cha kumunsi konyowa dzalani nsenjere yoti muzimweta n'kukapatsa ng'ombe m'khola. Kapinga amayanza yekha mukamupatsa mpata. Chaka choyamba ng'ombe zisalowe mpaka udzu utagwira ndi kugwetsa njere. Nthambi za chipangala zomwe mudzadule musaotche zonse, ndi mpanda wabwino wotchingira mbali yomwe mwafesa, bola zikhale zopanda nyemba.

Mphwanga wa ku Kamwendo (Mchinji): Za oilo ndamva bambo, ndisiya. Mbewu ya Rhodes imapezeka kuti?

Mayi a Tadala (Mtunthama): Funsani alimi a ng'ombe za mkaka a m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaulimi. Ine ndili nayo pang'ono yomwe ndinapulula chaka chatha, koma ndalonjeza kale bambo a Chisomo mumtima mwanga.

Bambo a Chisomo (Santhe): Mwadzuka bwanji nonse. Pepani ndinasowa masiku anayi, ndimati ndibwere ndi nkhani yeniyeni. Alangizi a ziweto anabwera tsiku lomwe lija madzulo pa njinga yamoto. Anakayeza, anayendera busa, anaona pomwe lantana wabudulidwa, ndipo anati ndi yemweyo. Anakamwetsa mankhwala ndi kukabaya jakisoni, pa mabala tikupaka mafuta oletsa ntchentche. Kali m'chigafa chakale chomwe ndatchinga ndi mphasa. Dzulo kanadya nsenjere pang'ono ndi madeya, ndowe zayamba kufewa. Anandiuza kuti ndisafulumire kusangalala chifukwa chiwindi chimachira mochedwa, koma kakuimirira kokha. Mayi a Tadala, mukanapanda kufunsa funso lija ndikanangogula dibi n'kumadikira. Mulungu akudalitseni.

Lantana tayamba kuzula ine, mayi a Chisomo ndi mnyamata wobusa, m'mawa uliwonse tisanapite kumunda. Pansi pa mkuyu pokha tinazula tating'ono todzaza wilibala. Loweruka ndinayesa tsinde limodzi la yucca kuti ndione zomwe a mlangizi amanena. Ndinayamba 6 koloko, ndinamaliza dzuwa lili paliwombo. Dzenje linafika m'mawondo. Muzu wake ndi wonenepa ngati mkono wanga, m'kati moyera, wonyowa, ukauthyola umachita thovu pang'ono m'manja ngati sopo. Wina unayenda pansi pa maziko a nyumba yakale n'kukatulukira mbali ina, komwe kunali kale kamwana kobiriwira. Matsinde otere alipo 14. Ndaona kuti ndi ntchito ya mpaka Epulo.

Kwa amfumu ndinapita ndi amalume. Avomera kuti nditseke ekala ya kumtunda, njira ya kudambo ikhale yotsegula, ndipo anena kuti adzalengeza pa msonkhano wa mudzi. Mayi a Chisomo anayenda nane malo onse atanyamula nsanza za chitenje chofiira, mtengo uliwonse womwe akuufuna akumangapo kansanza. Amanga mitengo 31. Pena tinatsutsana, pa malaina, iwo akuti asiyidwe chifukwa cha nkhuni, ine ndikuti zipatso zake zikumera paliponse. Tagwirizana kusiya umodzi.

Nabanda (Nkhamenya): Misuku ija yamangidwa nsanza?

Bambo a Chisomo (Santhe): Yonse 5 mayi, inali yoyamba.

Aphiri (Chamama): Piki muli nayo imodzi yokha? Ndili ndi ziwiri ndi chitsulo chokumbira maenje. Loweruka la mawa lino ndikubwera ku boma kudzagula mchere wa ng'ombe, mutume mnyamata tidzakumane pa depoti cha m'ma 10 adzatenge. Mudzabweza mukamaliza matsinde 14 aja.

Mayi a Tadala (Mtunthama): A Phiri, mudzadutse pa Mtunthama mutengenso mbewu ya Rhodes, ndaika kale m'jumbo. Bambo a Chisomo, muisunge pouma, makoswe amaikonda. Ndipo kamsotiko kasatuluke padzuwa mpaka khungu litamereranso ubweya.